Kuyambira Ziro Mpaka Teni

Ku Oulu mphepo ya mu Januwale imalowa m'kamwa osaodira.
Ndikatsika m'galimoto yanga yokankha chipale
folo koloko m'bandakucha,
ndimapumira m'mphuno ngati mwana wonyanyala,
chifukwa ndikangoyasama pang'ono
kuzizira kumapeza dzino lachitatu kumanzere
n'kulasa, tswii, mpaka m'diso.

Dokotala Tuovi Karppinen ali ndi kapaipi kouzira mpweya.
Amaloza dzino limodzi, fuu,
n'kufunsa: "Aulis, kuyambira ziro mpaka teni?"
Eyiti, ndikutero, nditagwiritsa mpando.
"Nkhama zanu zabwerera m'mbuyo," akutero iye,
"khosi la dzino latsala pamtunda lopanda mpango.
Pamenepo pali timabowo tosaoneka ndi maso,
ndipo pansi pa timabowoto pali mtsempha wosagona tulo."

Tinayamba ndi chotchipa:
mankhwala otsukira mano, m'mawa ndi madzulo,
osachukucha ndi madzi, ungolavula basi.
Awa ndi aulesi koma okhulupirika,
amanyengerera mtsempha pang'onopang'ono
ngati munthu wotonthoza galu wa eni ake.
Masabata anayi: sikisi.
Nditapita kwa mlongo wanga ku Kajaani n'kuwaiwala pawindo,
eyiti anabwerera, nsapato zili kuphazi.

Kenako anagawa kamwa langa pakati ngati munda wa abale awiri.
Kumanzere anapaka vanishi wachikasu wonunkhira utomoni,
nati ndisamwe khofi mpaka madzulo,
chilango chachikulu kwa munthu wa kuno.
Kumanja anawalitsa kakuwala kofiira ka makina,
ine nditavala magalasi akuda ngati wowotcherera zitsulo.
Sindinamve kanthu. Ndinamva polipira.

Vanishi anagwira tsiku lachiwiri lomwe: fili.
Ndinaseka panja, pakamwa pali yasa,
ndinamwa madzi a pampopi osawafunditsa.
Koma vanishi ndi mlendo, sakhalitsa;
chipale chisanasungunuke anali atatsanzika kale.
Kuwala kuja kunachedwerapo kuchoka,
ngakhale dzino limodzi silinakumvere n'komwe,
louma mutu ngati mwini wake.

Chomaliza chinali ulimbo woyera
womata pakhosi pa dzino, n'kuumitsa ndi nyali yabuluu.
Uwu ndiye unatseka chitseko. Wani.
Lilime langa linkapitako usiku wonse
kukasisita pamalo posalalapo, losakhulupirira.
Miyezi isanu. Kenako kachidutswa kanathothoka
ndikudya buledi wouma wakuda uja,
ndipo mphepo inapeza khomo lake lakale.

Ndinamufunsa: nanga chopambana n'chiti?
Anavula magolovesi, osayankha msanga.
Anatenga mswachi wanga umene anandiuza kuti ndibweretse,
tsitsi lake litagona chammbali
ngati udzu wopondedwa ndi galimoto yanga yomwe.
"Mumatsuka mano ngati mukupala msewu," anatero.
"Ndipo taonani nsongazi mmene zaperesekera.
Mumakukuta mano kutulo. Anakuuzanipo munthu?"

Amene akanandiuza ndi Raili.
Ankandigunda ndi chigongono pakati pa usiku,
"Aulis, wayambanso kupera miyala."
Papita zaka zitatu chigongonocho chili pansi pa nthaka ya ku Intiö,
ndipo ine ndakhala ndikupera ndekha mumdima
popanda wondidzutsa.

Tsopano ndimagona nditaluma kapulasitiki koumbidwa m'kamwa mwanga momwe.
Mswachi ndi wofewa, ndimaugwira ndi zala zitatu.
Ulimbo anamatanso. Vanishi amabwera kawiri pachaka.
Mankhwala aulesi aja ali pawindo, sindiwaiwalanso.
Palibe chimene chinapambana chokha;
zimalandirana ntchito ngati ife apamsewu.

Dzulo anauziranso mpweya, fuu.
"Kuyambira ziro mpaka teni?"
Ndinafuna kufunsa ngati akunena za dzino lokha.
Thuu, ndinatero,
ndipo iye analemba thuu.